Career fair ya fomu 4 ndi yochedwa, pitani nayo ku fomu 2

Maganizo anga ndi akuti zionetsero za ntchito zimene timazitcha career fair, mmene zimachitikira kuno ku Malawi, zimabwera mochedwa, ndipo zimapeza ana amene ali kale ndi pofunsira. Ndikudziwa kuti ena mwa inu ndinu amene mumazikonza ndipo mumakhetsa nazo thukuta. Musandide, ndimvereni kaye.

Amene munapitako mukudziwa mmene zimakhalira. Matenti pabwalo la sukulu kapena matebulo mu holo ya ku hotela, a banki uku, a mafoni uko, a inshulansi, mabungwe omwe si aboma, sipika ikulira mpaka kugonthetsa m'kutu. Ana a yunifolomu akuyenda m'timagulu kutolera timapepala, zolembera ndi zipewa. Patebulo pakhala mnyamata kapena mtsikana wa ku marketing atatchena malaya a kampani. Ndinamvapo mwana wina akufunsa mwaulemu kuti, "Achimwene, kuti ndidzagwire ntchito kwanu kuno ndiyenera kuphunzira chiyani?" Yankho linali lakuti alimbikire sukulu ndipo azionaona tsamba lawo la Facebook. Atatero anamutambasulira fomu yotsegulira akaunti. Mwanayo anapita kwawo ndi cholembera chatsopano, funso lake lili chikhalire.

Koma vuto lalikulu si yankho limenelo ayi. Vuto ndi nthawi yake.

Zambiri mwa zionetserozi zimakonzedwera ana a fomu 4, mayeso a MSCE atatsala pang'ono, kapena ophunzira a chaka chomaliza ku yunivesite. Pamenepo zitseko zambiri zinatsekeka kale, ndipo zinatsekeka mwakachetechete tsiku limene mwana analowa fomu 3 n'kusankha maphunziro oti apitirize ndi oti awasiye. Tonse tikudziwa mmene MANEB imawerengera: 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 wangodutsa, 9 walakwa. Mapointi amawerengedwa pa maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino, ndipo kuti uganiziridwe malo ku yunivesite ya boma kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, pamafunika makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo. Izi ana ambiri amazidziwa. Chimene sauzidwa n'chakuti mapointi okha sakwanira, pulogalamu iliyonse ili ndi maphunziro ake amene imafuna. Mtsikana akhoza kupeza mapointi okongola, mudzi wonse n'kululutira, koma ngati anasiya Chemistry ndi Physics ku fomu 3, za udokotala ku KUHeS aiwale. Mnyamata amene amalota zomanga milatho, koma masamu anangowadutsa ndi 7, ku MUBAS kapena ku MUST sangalowe uinjiniya. Kumuuza mwana zimenezi mayeso atatsala miyezi iwiri kuli ngati kuthira feteleza wobereketsa chimanga chitatulutsa kale ngayaye.

Nanga anasiyiranji maphunzirowo? Mufunseni, mumva. Mnzake wa kalasi yapamwamba anamuuza kuti Physics ndi yopha. Kapena sukulu yake inalibe mphunzitsi wa phunzirolo, labu n'kamodzikamodzi komwe sanaione. Penanso aphunzitsi okha amalangiza ana ofookerapo kuti asiye masayansi, poopa kuti zotsatira za sukulu zingaipe. Mwana wa zaka 15 akupanga chiganizo chimene chidzamutsata moyo wonse, popanda wamkulu ndi mmodzi yemwe womuuza kuti ukasiya ichi watseka chakuti ndi chakuti.

Ndiye pali nkhani ya ana amene amafikiridwa. Matenti aja amakhomedwa ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Mzuzu, mwina ku Zomba. Amene amabwera pa basi ya sukulu ndi ana a m'sukulu zolipira zodula ndi za national, amene kunyumba kwawo kuli kale azakhali owerengera ndalama ndi amalume a zamalamulo. Ana amenewo career fair yawo imachitika tsiku lililonse pa chakudya chamadzulo. Mwana wa ku CDSS ya kumudzi, kaya ku Ntchisi, ku Neno kapena ku Chitipa, ntchito zimene amazidziwa ndi zimene waziona ndi maso: mphunzitsi, namwino, wapolisi, msilikali, mlangizi wa zaulimi, m'busa, dalaivala. N'zolemekezeka zonsezo. Koma sanamvepo kuti kuli munthu amene ntchito yake ndi kuwerengera mtengo wa nyumba isanamangidwe, kapena wojambula mafupa kuchipatala, woyeza malo, woyeza ubwino wa madzi, wokonza makina a m'chipatala. Mwana sangalote chimene sanachimvepo. Ukawafunsa kalasi yonse chimene akufuna kudzakhala, theka likuti unamwino, ndipo ife akuluakulu timaseka ngati vuto ndi lawo.

Za sukulu za ntchito zamanja ndiye zimandipweteka kwambiri. TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, inakhazikitsidwa mu 1999, olemba ntchito amapereka levy ya 1 peresenti ya malipiro a antchito awo kuti maphunziro amenewa aziyenda, tili ndi makoleji ngati Soche, Lilongwe, Nasawa, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia, kuphatikiza ma community technical college amene anayamba kutsegulidwa mu 2015. Koma mpaka lero timakambabe za ukalipentala, kuwotcherera, za magetsi ndi za mipope ngati kothawira amene zawakanika. Pa chionetsero tebulo lawo likakhalapo, ana amalidutsa ngati pali matenda, chifukwa makolo anawauza kale kuti kumeneko n'kwa olephera. Chonsecho yesani kufuna munthu wodziwadi kukonza firiji kapena kulumikiza magetsi a sola m'tauni muno, muona kuti mudikira pamzere, ndipo mtengo atchula yekha.

Tsopano tibwere kwa amene amaliza koleji, pa tsiku lija kampani imaitana anthu kuti ikawayese.

Poyamba ndinene kuti mayeso oterewa ndimawavomereza. M'dziko limene ntchito zambiri zimapita kwa mwana wa ujeni, kwa wa tchalitchi chimodzi kapena wochokera boma limodzi ndi abwana, pepala la aptitude, loyesa kuganiza kwa munthu, lochongedwa mwachilungamo ndi mwayi wokhawo umene mwana wa mlimi ali nawo. Pepala silifunsa kuti bambo ako ndani. Chimene ndikutsutsa n'chakuti timayesa achinyamata pa masewero amene malamulo ake ena anauzidwa, ena sanauzidwe.

Taonani mmene zimakhalira. Anthu afika m'mamawa ndi maenvulopu a khaki, suti yobwereka, nsapato zopukutidwa ndi kansalu pageti. Pepala loyamba lili ndi mafunso ochuluka kuposa nthawi, ndipo anachita dala kutero. Amene anazolowera amadziwa kuti funso likakuvuta ulisiye, upite kutsogolo, ukabwererenso nthawi ikatsala. Amene sanauzidwe amachita zimene sukulu inamuphunzitsa kuyambira sitandade 1: kuyamba ndi funso loyamba, kulimbana nalo mpaka litatheka. Belu likamalira iye ali pakati, ngakhale kuti mutu wake ndi wakuthwa kuposa onse m'chipindamo. Kwina mayesowo ndi a pakompyuta, ndipo pali omaliza digiri amene ntchito zawo zonse za kukoleji anazilembera pafoni kapena pa laputopu yobwereka usiku. Mphindi zoyamba zimathera kulimbana ndi makina.

Masana amawaika m'magulu, n'kuwapatsa nkhani yoti akambirane, oyesa atakhala pambali ndi mapepala. Apa ndi pamene chikhalidwe chathu chimatigwetsa. Mwana woleredwa bwino kwathu kuno salankhula akulu asanamulole, samudula mnzake mawu, sayang'anitsitsa munthu wamkulu m'maso. Mtsikana amene kunyumba amatamandidwa kuti ndi waulemu amakhala phee kudikira mpata wake, mpatawo osabwera, chifukwa mnyamata wina wa Chingerezi cha m'mphuno wagwira nkhani yonse. Woyesa amalemba kuti mtsikanayu alibe mphamvu za utsogoleri. Sanamuuzepo munthu kuti m'chipinda muno kukhala chete amakuwerengera ngati kusadziwa, kuti ayenera kulowererapo, kunena mfundo yake mwachidule, ngakhale kuitana mnzake amene wangoti duu kuti nayenso alankhulepo, zimene oyesa abwino amazipatsa malikisi kuposa kulongolola. Zimenezi munthu akhoza kuziphunzira masana amodzi. N'chifukwa chiyani sitiziphunzitsa pa career fair m'malo mogawa zipewa?

Olemba ntchito inu, pali kankhani kenanso. Uthenga woitana umabwera pafoni kutatsala tsiku limodzi kapena awiri. Munthu ali ku Karonga kapena ku Nsanje, mayeso ali ku Lilongwe. Amayi ake akongola ku banki m'khonde ndalama ya basi, iye akagona pa mkeka kwa wachibale amene sanaonanenso naye chiyambire. Thiransipoti simubweza, chabwino, tinene kuti thumba silikulola. Koma ngakhale kauthenga kakuti pepani simunapambane, simutumiza. Munthu amakhala miyezi akuthamangira foni iliyonse ikalira. Uthenga umodzi wa pafoni ndi ndalama zingati?

Ndikudziwa chimene ena mulembe m'munsimu: "Akulu, vuto si uphungu, vuto ndi lakuti ntchito kulibe." Mukunena zoona, sindikukana. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tilipo anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka ndi ana osakwana zaka 18. Chaka chilichonse UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, Mzuni, MUST ndi mayunivesite omwe si aboma akutulutsa anthu, pamene makampani olemba ntchito ndi omwe aja. Boma linayambitsa pulogalamu ya internship ya omaliza maphunziro mu 2018 chifukwa cha vuto lomweli. Ndipo amene amakumbukira June 2020, pamene Unduna wa Zaumoyo unaitana anthu ku intavyu yongofika popanda kusankhidwa kaye, akudziwa chinamtindi cha achinyamata chimene chinakhamukira kumeneko, mpaka ku Mzuzu anthu anapondana n'kuvulala polimbirana kulowa. Palibe tenti imene ingathetse zimenezo.

Koma kusowa kwa ntchitoko ndi kumene kukuchititsa kuti chilungamo chikhale chofunika kwambiri. Banja limene likugulitsa fodya, mbuzi, penanso munda, kuti mwana aphunzire zaka zinayi, liyenera kudziwa chimene likugula. Ngati kampani yabwera pa chionetsero, inene poyera kuti chaka chatha inalemba anthu angati ongomaliza kumene sukulu, a maphunziro ati, ndipo anayambira malipiro otani. Ngati sinalembe aliyense, inene. Ngati koleji ikuitanira ana ku pulogalamu yake, inene ngati pulogalamuyo ndi yovomerezeka ndi NCHE, komanso kuti amene anamaliza zaka zapitazi ali kuti. Ndikudziwa kuti ambiri sangafune kuyankha mafunso amenewa pamaso pa ana. Amene akukana kuyankha, aphunzitsi okonza mwambowo asamawapatse tebulo, chifukwa wabwera kudzatsatsa malonda basi.

Ndipo patebulopo pakhale munthu amene amaigwiradi ntchitoyo. Namwino amene wachokera ku ntchito ya usiku anene kuti wodi imakhala bwanji odwala akachuluka kuposa mabedi, kuti amene akufuna unamwino aufune akudziwa. Injiniya abwere ndi nsapato zake zamatope, anene kuti miyezi yambiri amakhala kutchire kutali ndi banja. Wowotcherera amene ali ndi shedi yakeyake anene mmene anapezera makina oyamba ndi mmene kuzimazima kwa magetsi kumamudyera phindu. Wa ku ofesi yolemba anthu ntchito abwere ndi pepala lakale la aptitude, awalembetse ana pomwepo ndi wotchi m'manja, kenako awaonetse pamene atayira nthawi. Awauzenso mosabisa kuti kampani yeniyeni siitanitsa ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money kuti dzina lako lilowe pa mndandanda wa intavyu, chifukwa akuba amenewa akudyera achinyamata osimidwa tsiku ndi tsiku.

Zonsezi sizifuna hotela, ndipo sizifuna kudikira unduna. Pafupifupi aliyense amene akuwerenga izi ali pa gulu la WhatsApp la anzake a kusekondale. Magulu amenewa timasonkha bwino za maliro ndi za ukwati, ndipo chaka chikamatha timakonza phwando kunyanja. Pa gulu limodzi lokha mumapezeka namwino, mphunzitsi, makaniko, wa ku banki, wabizinesi ya kaunjika, msilikali, mwina ndi loya. Sankhani anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi a ntchito zosiyana, muimbire a hedi a sukulu yanu yakale, kapena bwinonso a CDSS yoyandikana ndi kumudzi kwanu, mupemphe masana amodzi. Sindikizani zofunikira za mapulogalamu a m'mayunivesite ndi za makoleji a TEVETA zimene zimatuluka chaka ndi chaka, mukazisiye kwa mphunzitsi mmodzi wodalirika kuti azimate pakhoma. A hedi adzafuna kukupatsani fomu 4, chifukwa ndi mmene zakhala zikuchitikira. Muwauze kuti mwabwera kudzakumana ndi a fomu 2, asanalembe JCE, ndipo ngati n'kotheka aitanenso makolo awo.