Mafunde a pa webusaiti asamadye bandulo ya mlendo

Sabata yatha ndinatsegula webusaiti ya malo ena ogona alendo ku Senga Bay pofuna kudziwa mtengo wa chipinda, popeza alamu anga akubwera kuchokera ku Lilongwe. Ndinakhala nthawi yaitali ndikuonera kanema wa mafunde a nyanja amene ankayenda modukizadukiza, ndipo pamene mtengo unkaoneka n'kuti foni itatentha, bandulo nayo itaphwa. Zinandiwawa kwambiri chifukwa ntchito yanga ndi yomweyi yopanga mawebusaiti.

Ine ndimaona kuti chithunzi choyenda chimakhala ndi phindu chikamayankha chala cha munthu. Batani likasintha mtundu munthu atangolidina, iye amadziwa kuti uthenga wapita, ndipo sadinanso katatu pa nthawi imene netiweki ikuvuta. Mafunde aja sankayankha aliyense.

Anzathu amene anapanga webusaiti ija akanatha kujambula mafunde omwewo ndi SVG, mtundu wa zithunzi zopepuka zojambulidwa ndi mizere, n'kuwayendetsa ndi CSS, malamulo okonzera maonekedwe a tsamba, ndipo tsamba lonse likanapepuka kwambiri. Mafoni ambiri amasintha chithunzi ka 60 pa sekondi imodzi, kutanthauza kuti chithunzi chilichonse chili ndi mamilisekondi pafupifupi 16 okha kuti chikonzeke (sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000). Mukamayendetsa chinthu ndi malamulo a CSS a transform (kuchisuntha) kapena opacity (kusintha kuonekera kwake), foni siivutika; koma mukamasintha width (mulifupi mwake) kapena top (mtunda wake kuchokera pamwamba), imayenera kuyezanso malo a zinthu za pa tsambalo mobwerezabwereza, ndipo apa ndi pamene ma Itel ndi ma Tecno otsika mtengo amene ambiri kuno tili nawo amayamba kutsimphina. GIF, mtundu wakale wa zithunzi zoyenda, ndimaipewa: inabwera mu 1987, imatenga mitundu 256 yokha pa chithunzi, komabe nthawi zambiri imalemera kuposa kanema weniweni. Zojambula zovuta ndimazipititsa ku Lottie, pulogalamu yoyendetsera zojambula mopepuka imene kampani ya Airbnb inatulutsa mu 2017.

Amene tinayamba kale tikukumbukira Flash, pulogalamu ya kampani ya Adobe imene inkadzaza masamba ndi zovinavina. Mu 2010 Steve Jobs, yemwe anali mkulu wa kampani ya Apple, anaidzudzula poyera, mwa zina chifukwa chomaliza batire, ndipo Adobe inasiya kuisamalira pa 31 Disembala 2020.

Palinso anthu amene zinthu zoyendayenda zimawachititsa chizungulire, ndipo lamulo la mu CSS la prefers-reduced-motion, limene limazindikira ngati munthu wasankha pa foni yake kuti zinthu zisamayendeyende, limatilola kuwazimitsira ndi mizere yochepa chabe. Ine ndisanapereke ntchito kwa mwini wake, ndimakaiyesa kumudzi pa foni yakale ya azakhali anga, ndipo chimene chakana kuyenda kumeneko ndimachichotsa.