Wojambula buku la ana si waganyu

Anzanga olemba mabuku a ana, lero ndinena mosapsatira. Chizolowezi chathu chomaliza kulemba nkhani yonse, kenako n'kumati "tsopano tipeze woti aikemo tizithunzi", chikupha mabuku athu. Ine ndimalemba komanso ndimajambula, ndiye mbali zonse ziwiri ndimazidziwa. M'buku la mwana wa zaka zinayi kapena zisanu, woyamba kulankhula ndi mwanayo ndi wojambula. Mwanayo zilembo sanazidziwe. Inu mukamawerenga mokweza, iye maso ali pachithunzi, akufufuza ngodya iliyonse, ndipo ndi iyeyo amene adzakudulani mawu n'kufunsa kuti, "Nanga mbuziyi bwanji ili m'munda wa chimanga osaimanga chingwe?"

Mabuku a zithunzi ambiri amakhala ndi masamba 32, chifukwa cha mmene mapepala akuluakulu amapindidwira kosindikiza. Mukachotsapo tsamba la mutu ndi la osindikiza, malo otsala ndi ochepa zedi. Ndiye wolemba akalemba kuti mtsikana anavala diresi lofiira, nkhope ili yakugwa, kunja kuli mitambo, wangodya malo pachabe, pakuti zitatu zonsezo wojambula akanazionetsa popanda liwu ndi limodzi lomwe. Mawu azinena zimene chithunzi sichingathe: zimene mtsikanayo akuopa, zimene anamva dzulo, zimene walonjeza mumtima. Palinso luso la potembenuza tsamba, loti funso lithere kumanja, yankho libisale kuseri. Zimenezi sizitheka ngati wojambula waitanidwa nsima itapsa kale.

Zambiri mwa izi ndinaziphunzira poyang'anitsitsa ntchito za ena, ndipo sindichita manyazi kunena kuti ndimawasirira. Eric Carle wa ku America ankapaka utoto pamapepala opyapyala, n'kuwadula, n'kuwamata. Buku lake la mbozi yanjala lija, The Very Hungry Caterpillar, linatuluka mu 1969, ndipo masamba ake ali ndi timabowo momwe mbozi yadya. Mwana amalowetsamo chala. Nzeru ya timabowoyo ndi ya munthu amene ankaganiza ndi manja, akudziwa kuti mwana buku amaligwira, kulikanda, nthawi zina kulilawa kumene.

Koma amene amandikhudza mtima kwambiri ndi Niki Daly wa ku South Africa, yemwe anatisiya mu 2024. Mu 1985, tsankho likadali pachimake m'dzikomo, iye anatulutsa Not So Fast, Songololo, nkhani ya kamnyamata kakuda koperekeza agogo ake kukagula zinthu m'tauni. Nkhani yake ndi yaing'ono, mapeto ake ndi nsapato zofiira basi. Koma taonani mmene anawajambulira agogo aja! Thupi lolemera, mayendedwe a munthu amene miyendo yayamba kumukana, kamnyamatako kakufuna kuthamanga koma kakudikira. Palibe chiganizo chimene chingakuuzeni kulemera kwa phazi la nkhalamba monga mmene chithunzi chimenecho chimachitira. Ndikafuna kujambula munthu wamkulu akuyenda ndi mwana, ndimayamba ndatsegula buku limeneli, ndikuona pamene Daly anaika mapewa, pamene anapinda bondo. Ndimajambula motsanzira m'kope langa kuti dzanja liphunzire, kenako ndimatseka buku n'kupita kumsika kukaona agogo enieni.

Wina ndi Elizabeth Zunon, amene anakulira ku Abidjan m'dziko la Côte d'Ivoire. Ndi iye anajambula buku la ana la nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, lomwe linatuluka mu 2012. Anaphatikiza utoto ndi mapepala odula, ndipo kwa ine njira imeneyo ikugwirizana bwino ndi nkhani ya mnyamata amene makina ake a magetsi oyendera mphepo anawalumikiza ndi zidutswa zotola, monga njinga yakale ndi mapaipi. Ndimasangalala kuti nkhani ya kwathu inagwera m'manja aluso chonchi. Komabe mumtima ndimafunsa kuti, kodi ojambula athu tikuwapatsa mpata wotani woti akule kufika pamenepo?

Chifukwa luso lilipo. Pali zinthu zimene wojambula wa kuno amazidziwa osachita kufunsa: pamene mayi amamanga mfundo ya chitenje akabereka mwana, mmene mtsikana amagwirira musi, mmene mwana amagwadira popereka madzi kwa alendo, mtundu wa fumbi la mu Okutobala, kapendekeke ka nkhokwe yakale. Masiku ano ena akungouza kompyuta kuti iwapangire zithunzi, n'kutuluka mwana wobelekedwa mwanjira yoti mayi aliyense angakuwe kuti agwa, m'mudzi wosaoneka kuti ndi wa kuti. Ana athu amazindikira. Akaona nyumba yosafanana ndi iliyonse imene anaionapo, amangoti nkhaniyi ndi ya eni ake, si yathu.

Tsono nkhani ya ulemu ndi malipiro. Ndinajambulapo buku lina lonse lathunthu, n'kulandira kangachepe kamodzi kokha, dzina langa n'kuikidwa m'kati, m'tizilembo tofunika magalasi. Bukulo linasindikizidwanso, ine osauzidwa n'komwe. Sindili ndekha, ojambula ambiri angakuuzeni zomwezi. Ku America mphoto ya mabuku a zithunzi a ana yotchedwa Caldecott, imene inayamba mu 1938, imapita kwa wojambula. Ku South Africa bungwe la Book Dash, lomwe linayamba mu 2014, limakhazika wolemba, wojambula ndi wokonza masamba patebulo limodzi kuti apange buku m'maola 12. Iwowo amagwira mongodzipereka, koma chimene ndimatengapo ndi choti onse amakhala limodzi, wina akamasintha mawu wina akusintha chithunzi.

Ndiye anzanga olemba ndi inu osindikiza, zopempha zanga ndi izi. Wojambula muzimuonetsa nkhani ikadali yosakhwima, ndipo akati chiganizo ichi chichoke chifukwa ndichijambula, muzimumvera. Dzina lake likhale pachikuto, zilembo zake zofanana kukula ndi za wolemba. Buku likamagulitsidwa kapena kusindikizidwanso, naye azilandira gawo lake, ndipo zimenezi zilembedwe pamgwirizano asanagwire pensulo. Ojambula anzanganso, tisamasainire pepala limene sitinaliwerenge mpaka kumapeto chifukwa choti lendi yatipanikiza mwezi umenewo.