Timamunenepetsa, kenako timufunsa mwana

Mtsikana akangolowa m'banja n'kuyamba kutuluka masaya, apongozi amasangalala: "Eee, mwana wathu akumusamala bwino." Chaka chikatha mimba osaoneka, anthu omwewo ayamba kunong'onezana za msing'anga ndi za azakhali amene "anamumanga". Ine ndimaona kuti nthawi zina zinthu ziwirizi n'zolumikizana, kungoti sitifuna kuzimva.

Mafuta a m'thupi sangokhala phee. Amapanga mahomoni achikazi otchedwa estrogen, ndipo akachuluka amasokoneza uthenga umene ubongo umatumiza kuti dzira likhwime n'kutuluka. Insulin, homoni yoyendetsa shuga m'magazi, ikakweranso zinthu zimaipiraipira. Mkazi amasamba mwezi uno, n'kudumpha iwiri kapena itatu, ndipo dzira likapanda kutuluka mimba ilowera pati? Vuto la mahomoni losokoneza kutuluka kwa dzira, lotchedwa PCOS, limagwira pafupifupi mkazi mmodzi mwa 10 aliwonse a msinkhu wobereka, ndipo ambiri sadziwa kuti ali nalo. Tindevu tapachibwano timene amazula mobisa, ziphuphu zosatha, khungu lakuda kumbuyo kwa khosi limene amalikwecha ndi mwala poganiza kuti ndi litsiro, zonsezi zingakhale zizindikiro.

Madokotala sanena kuti uonde ngati bango ayi. Kutsitsa 5 mpaka 10 peresenti ya kulemera kwako kumabwezeretsa msambo mwa akazi ambiri. Wa makilogalamu 90 akataya 5 mpaka 9, wayambapo. Dzira limatenga pafupifupi miyezi itatu kuti likhwime, ndiye kusiya Fanta sabata imodzi sikokwanira.

Chimandipweteka n'choti zakudya zothandizazo timaziti zaumphawi. Mgaiwa, nyemba, usipa, bonongwe, nkhwani wotendera. Tikangopeza kandalama timathamangira ufa woyera, chipisi cha pachiwaya chokazingidwa m'mafuta adzulo, mandasi ndi tiyi wa masupuni anayi a shuga, n'kumati moyo wasintha.

Abambo musaseke. Pafupifupi theka la mabanja osowa mwana, vuto limakhudzanso mwamuna. Chimimba chimene mumachisisita monyadira pabala chija chimatsitsa testosterone, homoni yachimuna, ndipo chimachepetsa mbewu mu umuna. Koma ku sikelo ndi kuchipatala amatumidwa mkazi yekha.

Sindikuti aliyense wosowa mwana ndi wonenepa. Alipo onenepa obereka chaka ndi chaka, ndipo kuonda kwambiri nakonso kumaimitsa msambo. Kwathu kuno akazi ambiri osowa mwana machubu awo odutsa dzira anatsekeka chifukwa cha matenda opatsirana pogonana omwe sanachizidwe bwino, ndipo pamenepo bonongwe sangathandize. Zaka nazo zimawerengedwa, makamaka mkazi akapitirira 35.

Anankungwi a pa bridal shower amatha maola akuphunzitsa za mikanda ndi kaphikidwe ka ndiwo za abambo. Akanapatulako mphindi khumi n'kunena kuti chaka chikatha mukuyesa popanda zotsatira, kapena miyezi 6 ngati mkazi wapitirira zaka 35, pitani nonse awiri kuchipatala mukayezetse shuga, kulemera ndi umuna.