Nyimbo ya Chicago Bears sidali matama chabe

Anthu ambiri akamakamba za nyimbo zomwe matimu a mpira wa ku America ankajambula m'zaka za m'ma 1980, amaziika zonse m'gulu la nthabwala zopanda phindu. Ine sindigwirizana nawo, makamaka pa nyimbo ya Super Bowl Shuffle yomwe osewera a Chicago Bears adatulutsa mu Disembala 1985.

Timuyi idali itapambana masewero 12 motsatizana pomwe idagonja kwa Miami Dolphins pa 2 Disembala, ndipo tsiku lotsatira osewera adasonkhana ku holo ya zoimbaimba ya Park West mumzinda wa Chicago kukajambula kanema wa nyimbo yonena za Super Bowl (mpikisano womaliza wolimbirana chikho cha mpira wa ku America), masewero a ndime zomaliza asanayambe n'komwe. Dan Hampton, mmodzi mwa akatswiri otchinga kumbuyo, adakana kutenga nawo mbali poona kuti uku kudali kudzikweza. Nkhawa yake ndikuimvetsa, pakuti timu ikavina chikho isanachigwire, manyazi ake amakhala aakulu ikadzagwa. Komabe ndikuona kuti osewera anzake omwe adaimba nawo, monga Walter Payton, Jim McMahon, Mike Singletary, Willie Gault ndi William Perry, adachita chinthu chofuna kulimba mtima, chifukwa adadzimanga okha ndi lonjezo pamaso pa dziko lonse panthawi yomwe bala la kugonja lidali lisanapole. Lonjezolo adalikwaniritsa pa 26 Januwale 1986 ku New Orleans, pomwe adagonjetsa New England Patriots ndi mapointi 46 kwa 10.

Koma chomwe chimandikhudza kwambiri ndi komwe ndalama zidapita. Nyimboyi idafika pa nambala 41 pa Billboard Hot 100, mndandanda wa nyimbo zotchuka kwambiri ku America, idasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto ya oimba ya Grammy, ndipo ndalama zoposa madola 300,000 zidaperekedwa ku bungwe lachifundo la Chicago Community Trust kuti zithandize mabanja osowa chakudya, zovala ndi pogona mumzindawo. Ambiri mwa osewerawo sadali oimba, ndipo aliyense womvetsera amazindikira zimenezi msanga. Adalola kusekedwa chifukwa cha mawu awo osasalala ndi kavinidwe kawo kolimba kuti mabanja ena aone chakudya m'nyengo yozizira ya ku Chicago, ndipo ine ndimawapatsa ulemu pa chifukwa chimenechi kuposa pa chikho chomwe adatenga.

M'nyengo yotsatira ya 1986 matimu a Los Angeles Rams ndi Los Angeles Raiders adajambulanso nyimbo zawo, koma onse awiri sadafike ku Super Bowl, ndipo chikho chidapita kwa New York Giants. Iwo adatengera kuimba ndi kuvina kwa anzawo, koma lero nyimbo zawo zimakumbukiridwa pongofuna kuseka, pomwe ya Bears anthu a ku Chicago amaitchulabe monyadira pamodzi ndi dzina la mphunzitsi Mike Ditka ndi timu yake yomwe idagonja kamodzi kokha m'nyengo yonse ya 1985.