Mpope wa nthunzi ndi madzi mwaziiwala

Nkhani yanu yokhudza kasamalidwe ka makina ophikira khofi wa espresso yafotokoza bwino za kutsuka kabasiketi koikamo khofi tsiku lililonse, koma za mpope wa nthunzi wotenthetsera mkaka mwangodumphapo. Mkaka ukaumira pampopewo umatseka timabowo ta kunsonga. Choipa kwambiri n'chakuti mukatseka nthunzi, mpope ukamazizira umayamwa mkaka pang'ono kulowa mkati. Ndiye mukangomaliza kutenthetsa mkaka, pukutani ndi kansalu konyowa nthawi yomweyo, kenako tsegulani nthunzi kwa masekondi awiri kapena atatu kuti zotsalira zituluke. Mukati mumwe kaye khofi, mukamabwerera zauma kale gwaa.

Pa malangizo anu oti aliyense azichita backflush (kutsuka makina poika basiketi yopanda mabowo kuti madzi abwerere m'mbuyo), apa sindikugwirizana nanu. Njira imeneyi ndi ya makina okhala ndi valavu ya three-way solenoid, imene imataya madzi m'thireyi yapansi. Makina ambiri otsika mtengo alibe valavuyi, ndipo mukaika basiketi yopanda mabowo, madzi okankhidwa ndi pampu amasowa kothawira. Onani kaye kabuku ka makina anu.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi madzi. Akakhala ndi calcium wambiri, amasiya zoyera zolimba ngati mwala m'boila ndi m'timipaipi. Pang'ono ndi pang'ono madzi amayamba kutuluka modontha, safikanso madigiri 90 mpaka 96 amene espresso imafuna, khofi n'kumamveka wowawasa. Viniga ine sindimulimbikitsa, fungo lake limakanirira. Gwiritsani ntchito mankhwala amene opanga makinawo avomereza, ndipo mukamaliza mudutsitsemo thanki yodzadza ya madzi oyera musanaphike khofi wina.