Makina a zimbale zisanu: a ku Joni, a ku Chipata kapena a ku Tete?

Makina akale a DVD aja olowa zimbale zisanu nthawi imodzi, a thireyi yozungulira, akadalipo m'nyumba zambiri. Ochuluka anabwera pa basi kuchokera ku Joni kudzera pa Mwanza, atakulungidwa m'bulangete pamodzi ndi masipika ake. Ndimawakonda, koma ogula ambiri sadziwa kuti malire a mayiko aliponso m'kati mwa makinawa.

Eni mafilimu anagawa dziko lapansi m'zigawo 6, n'kuika loko kuti chimbale cha orijino chiziwerengeka pa makina a chigawo chake chokha. South Africa, Lesotho ndi Eswatini anaziika m'chigawo 2 limodzi ndi Britain ndi Japan, pomwe Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe tili m'chigawo 5. Choncho Sony ya ku Joni imawerenga bwinobwino chimbale chimene m'bale wanu watumiza kuchokera ku London, koma cha orijino cha chigawo chathu imachikana, ngakhalenso cha ku America, chomwe ndi cha chigawo 1. Zimbale za pamsika zilibe loko ameneyu, ndiye chifukwa chake ambiri sanakumanepo nalo vutoli. Komabe makina akale kwambiri amanyanyala zimbale zokopera pa kompyuta, makamaka zija zopanikizamo mafilimu khumi.

Pa mapulagi, Zambia ndiye mnansi weniweni. Masoketi ambiri a ku Chipata ndi ngati athu omwewa, a mano atatu aphwatalala, pulagi yake yokhala ndi fyuzi m'kati. Ya ku Joni mano ake ndi atatu akuluakulu obulungira, ya ku Tete nthawi zambiri ndi awiri ang'ono. Mphamvu ya magetsi ikufanana konseku, 220 mpaka 230, vuto ndi mano okhawo. Chimandipweteka mtima ndi chizolowezi chathu chodula pulagi n'kulowetsa mawaya osenda m'soketi, kutsekerapo ndi timitengo ta machesi. Chinthu chimene munthu anachivutikira kunja chipsere adaputa yotsika mtengo chonchi?

Ku Tete kuli chinanso: zimbale zambiri n'zachipwitikizi, ndipo makina ogula kwa munthu mumawapeza menyu yake ili m'chinenero chomwecho. Izi zimasinthika pa rimoti, musaope.

Ine wondifunsa ndimamuuza kuti ngati zimbale zake zimachokera ku Joni kapena ku Britain, atenge a ku Joni n'kuikapo pulagi yathu. Apo ayi, a ku Zambia savutitsa. Kulikonse kumene mukugula, ikanimo zimbale zisanu zanuzanu, muone thireyi ikuzungulira mpaka chomaliza. Ikamakakamira, kawirikawiri ndi kalamba ka rabala katha, ndipo okonza mawailesi amakasintha mosavuta.