Masana a Khirisimasi ana athu amakhala ndi ndani?

Ndinene maganizo anga nthawi ikadalipo, ena mukwiya koma pepani. Kuno ku Zomba Khirisimasi ya ana timaikonzekera bwino kwambiri mpaka pa mbale ya mpunga, kenaka anawo timawataya. Ndalama ndi mphamvu zonse zimathera pa zovala ndi ndiwo. Ikangokwana 2 koloko masana, bambo asamba m'manja, atuluka, akuti akukaonana ndi anzawo. Mayi amene adzuka tambala asanalire ali gone pamphasa, msana ukuwawa, mapoto akudikira. Mwana wa zaka 7 apatsidwa kandalama m'manja, mng'ono wake wa zaka 4 pambali, "pitani mukayende, musachedwe." Basi, Khirisimasi ya banja yathera pomwepo.

Amene mukuti ndikukokomeza, pa 25 madzulo mudzayende mumsewu wa M3 kuchokera m'tauni kulowera ku Chinamwali, kapena mudzangoima pa Mpondabwino. Mudzaona timagulu ta ana ovala zatsopano, nsapato zikuwaluma, akuwoloka msewu pakati pa maminibasi ndi njinga zamoto za kabaza, ena mwa oyendetsawo atalawa kale. Wamkulu pagulupo ndi wa Sitandade 3. Ena aunjikana pakhomo la vidiyo kuonera zinthu zoti kunyumba sitingalole, ena aima pafupi ndi bala kuonerera akuluakulu akuvina dzandidzandi. Ndiye mvula ya Disembala kuno mukuidziwa. Phiri likangovala mtambo wakuda, posakhalitsa ngalande zasefukira, Likangala wafiira, ndipo kamwana kali kutsidya kufuna kubwerera kwawo.

Musandimve molakwa, zovala zatsopano ndi mpunga sindikudana nazo. Ndimazikonda, mwina kuposa anawo. Palibe sabata yokoma mumsika waukulu wa Zomba ngati yomaliza isanafike Khirisimasi, amayi atagawana za kubanki m'khonde, aliyense akuvundukula mulu wa kaunjika kufunafuna kadiresi kopanda banga, kwinaku akuyeza phazi la mwana ndi kachingwe komwe anamangirira kunsonga ya chitenje chifukwa mwiniwake wamusiya kunyumba kuti asadziwe. Mpunga wa Kilombero kwa amene thumba lalola, enafe wa kuno konkuno wochokera ku madambo a ku Chilwa ndi ku Domasi, ndipo ukaphikidwa bwino palibe mwana amene amafunsa kuti wachokera kuti. Nkhuku ikhale ya chikuda, yomwe yakhala yomangidwa mwendo kuseri kwa khitchini, ana akuipatsa madeya ndi kuitcha dzina. Kwathu timaitana achimwene a nyumba yoyandikana nafe, omwe ndi Msilamu, kuti adzaizinge, n'cholinga choti ana awo adzadye nafe popanda kukayika. Pa Eid mbale imabwera kuchokera kwawo. Zomba ndi wotero, ndipo ana amaphunzira zimenezi poona mpeni uli m'manja mwa ndani, osati pomva ulaliki.

Koma tiyeni tinene zoona pa nkhani ya ndalama. Khirisimasi yathu imagwa pa nthawi yoipa m'thumba. Chimanga kumunda chafika m'mawondo, chikufuna feteleza wobereketsa, aganyu opalira akufuna zawo. Sabata ziwiri zisanathe sukulu zatsegulira, yunifolomu yachepa, makope atha. Kutsogoloko kuli Januwale ndi Febuluwale, miyezi yoti nkhokwe zambiri zimakhala zitapenya kumwamba. Chiyambire pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta ophikira ndi shuga zasanduka zinthu zoti munthu uziyamba wawerengera kawiri. Choncho bambo akamati "chaka chino kulibe Khirisimasi, zinthu zavuta," ndimawamvetsa. Chimene sindimvetsa n'chakuti gawo lomwe silifuna ndalama ndi lomwe timalilephera kwambiri. Kukhala pakhomo masana amodzi sikunakwere mtengo.

Ana aang'ono safuna kuonerera Khirisimasi, amafuna kuigwira ndi manja. Kwathu ntchito imayamba sukulu zikangotsekera. Timakatapa dongo kudambo, ana n'kuyamba kuumba za m'khola: ng'ombe, nkhosa, abusa, Yosefe, Mariya ndi kamwana kogona m'chibokosi cha machesi. Wamng'ono kwambiri amaumba chinthu chosadziwika mutu ndi mchira, n'kulengeza kuti ndi ngamila. Chaka china munalowa galimoto ya dongo m'kholamo, mwiniwake anati anzeru a kum'mawa sakanayenda pansi ulendo wonsewo, ndipo palibe anamutsutsa. Popeza dzuwa la Disembala silidalirika, ziumbazo timaziyanika pafupi ndi mbaula, zina zimang'aluka, kulira kumakhalapo, kenaka aumbanso. Denga la khola ndi udzu, makoma ndi katoni. Maunyolo okongoletsera m'nyumba timadula mapepala a makope akale n'kumata ndi phala la ufa wa chinangwa. Onjezani mabaluni a pa okala, nyumba yasintha.

Za mtengo wa Khirisimasi ndinenepo pang'ono. Amene muli ndi wapulasitiki, zabwino zonse. Koma kutuma anyamata kukathyola nsonga ya paini kuphiri, phiri lomwe tonse tikuliona likuyera chaka ndi chaka ndi moto ndi nkhwangwa, kuti ikaime pabalaza sabata imodzi, ayi ndithu. Madzi omwe timamwa mumzinda uno amachokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pomwepo. Ndipo thonje lomwe timamata panthambi kuti lioneke ngati chipale cha ku Ulaya, mwana akutuluka thukuta ndi kutentha, mango ali mbwee panja, limandiseketsa chabe. Sindiletsa, koma musadzafunse chifukwa chake mwana akuganiza kuti Khirisimasi yeniyeni ili kwina.

Tsiku lenilenilo, m'mawa, ndi la kutchalitchi, ndipo apa ndi pomwe kusowa kwa makolo kumayambira. Kaya ndi ku Cathedral, ku Zomba CCAP kapena kutchalitchi kakang'ono ka ku Sadzi, ana a Sande sukulu amakhala atakonzekera sewero la kubadwa kwa Yesu kwa masabata. Mngelo wavala nsalu yoyera ya pabedi, mapiko a katoni, limodzi lapendekeka. Abusa amanga zitenje kumutu, ndodo m'manja, nkhosa zawo ndi ana a nasale okwawa pansi omwe amalira mee ngakhale pamene sipoyenera. Udindo womwe anyamata amalimbirana si wa Yosefe, ndi wa Herode, chifukwa amakhala pampando wa abusa a mpingo, amakalipa, ndipo mpingo wonse umafa ndi phwete. Ndiye muone kamtsikana kopatsidwa vesi imodzi ya pa Luka 2 kuti kanene pamtima. Kamaima kutsogolo, manja kumbuyo, maso akuyendayenda m'mabenchi. Sikakuyang'ana abusa kapena aphunzitsi ake, kakufuna nkhope ya kwawo. Mayi atsalira kunyumba kukazinga nkhuku, bambo ali panja pa mtengo kukamba za mpira. Vesi ija kamainena bwinobwino, anthu aomba m'manja, koma amene kamafuna kuti amve sanamve. Mpunga ukhoza kuchedwa ndi ola limodzi, palibe amene anafa nazo. Nkhuku ikhoza kuphikidwa usiku wa pa 24.

Tikadya, chotsatira n'chiyani? Apa ndi pomwe Zomba anatikondera, kungoti eni akefe sitiona. Anthu amachoka ku Blantyre ndi ku Lilongwe kudzaona zomwe ife timangodutsa. Ku Botanical Gardens kuli udzu woti ana n'kuthamanga mpaka kutopa, mitengo italiitali ya nthawi ya atsamunda, mtsinje wa Mulunguzi ukudutsa, anyani akudumpha m'nthambi. Botolo la Sobo wosungunula kale, zigumu zotsala, chitenje choyala pansi, zakwana. Pobwerera mukhoza kuwaonetsa nyumba yakale ya malamulo n'kuwauza kuti mzinda wawo uno unali likulu la dziko mpaka 1975. Mwana wa zaka 6 sasunga chakacho, koma amasunga zoti adadi anamuuza nkhani akuyenda naye atamugwira dzanja.

Amene thumba likulolani, pa 26 ndi tchuthi, kwerani phiri. Chitani m'mawa chifunga chisanatseke. M'mbali mwa msewu wopita ku Ku Chawe mupeza ogulitsa zipatso ndi bowa, ana akaone damu, akamve phokoso la mathithi a Williams Falls omwe nyengo ino amakhala ndi madzi ambiri. Kukayera, pa Emperor's View, pomwe anaima mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965, mumaona nyanja ya Chilwa ili nyezinyezi ndi phiri la Mulanje chapatali. Pali ana obadwira ku Chikanda, phiri akuliona tsiku ndi tsiku akamatsuka mkamwa, koma sanapondeko pamwamba pake. Kungoti miyala imaterera nyengo ino, wamng'ono musamusiye dzanja pafupi ndi madzi.

Mvula ikatsekereza, kapena m'thumba mulibe ngakhale ya kabaza, pakhomo pomwepo pali zochita. Phada pakhonde, fulaye ikangokata, mpira wachikulunga wa majumbo, bawo kwa okulirapo. Azibambo anzanga, yesani kulowa pakati pa fulaye tsiku limodzi muone momwe ana amasekera mpira ukakupezani pamimba. Magetsi akazima, monga amachitira, anganga ayambe "padangotero," ana ayankhe "tili tonse." Ndipo kukagwa mvula yabwino masana, madzulo ngumbi zimatuluka. Beseni la madzi pansi pa nyali, ana akupsipsinthana kutola, mapiko ali ponseponse, zovala zatsopano zija zasanduka zamatope. Zisiyeni zide, sopo alipo.

Mwambo umodzi womwe sindifuna uthe ndi wotuma ana ndi mbale. Musanakhale pansi kudya, pakulani mpunga ndi nthuli, vindikirani, mangani pansalu, mwana akapereke kwa agogo okhala okha kuseri kuja kapena kubanja lomwe mukudziwa kuti lero moto sunayake bwino. Apite yekha mukumuona, agwade, apereke ndi manja awiri, anene kuti "amayi akuti mulaweko." Masiku ano ana ambiri akudziwa Khirisimasi ngati tsiku loyenda khomo ndi khomo kupempha "Khirisimasi bokosi." Sindiwadzudzula, anatengera kwa ife. Koma mwana amene wanyamulapo mbale yotentha kupita nayo kwa wina amadziwa kuti tsikuli lili ndi mbali ziwiri.

Ndikudziwa zomwe mundiyankhe. Ena muti, "ife tinakula tikuyenda tokha pa Khirisimasi, tinafa?" Simunafe, zoona. Koma munkayenda m'mudzi momwe mayi aliyense ankadziwa kuti ndinu mwana wa ndani, ndipo akakupezani polakwika ankakukokani khutu mpaka kwanu. Paja ankati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Lero ku Matawale kapena ku Chinamwali anthu alendi amasinthana mwezi ndi mwezi, woyandikana naye sudziwa dzina lake, ndipo njinga zamoto zomwe zadzaza misewuzi nthawi yanu kunalibe. Ena muti, "ndagwira ntchito chaka chonse, ndisapumeko?" Pumani, achimwene. Pa 26 palipo, usiku wa pa 31 ukubwera, bala sithawa. Ndikupempha masana amodzi okha. Ndipo mayi aja nawonso agwira ntchito chaka chonse, koma sindinamvepo wina akuwafunsa kuti apuma liti. Mapoto a pa Khirisimasi bambo ndi ana akhoza kutsuka, manja sathothoka.

Amene sindikuwanena ndi omwe tsikuli limawapeza pantchito: anamwino, apolisi, alonda, amayi ogulitsa mandasi ndi chimanga chootcha omwe pa 25 ndi pomwe amapezako ya fizi. Amenewo sangadzigawe pawiri, ndipo ana awo ndi omwe enafe tiyenera kuwatolera. Pamzere wa nyumba zathu chaka chino tagwirizana chonchi: tikatha kudya, ana onse asonkhane pabwalo limodzi, nyumba iliyonse ibweretse chomwe ili nacho, kaya ndi thobwa, mango kapena mbuliwuli. Akuluakulu awiri osalawa chilichonse akhale nawo mpaka dzuwa litapendeka, kenaka alowe ena awiri. Ofuna kukaona m'tauni apita ndi munthu wamkulu, ndipo abwerako kusanade. Azibambo atatu avomera kale. Wachinayi akuti aganizire kaye, ndiye tamupatsa udindo woimbira mpira, wezulo tagula kale.